Kujambula nankafumbwe kuti aoneke yense: momwe focus stacking imagwirira ntchito

Tengani njere ya chimanga yofumbwa, muigogode mpaka nankafumbwe atuluke, mumuike patebulo n'kumuyandikizira kamera yokhala ndi lenzi ya macro, yojambulira tinthu tating'ono pafupi kwambiri. Kachirombo kameneka n'kotalika mamilimita 3 kapena 4 basi, koma pa kamera kamaoneka kakakulu. Mukajambula mupeza kuti diso latuluka bwino, pomwe mlomo wake wautali uja uli mbuu, kumsana nakonso kuli mbuu. Mukasuntha fokasi kuti mlomo uoneke, diso lija lathawa. Ambiri akafika apa amayamba kukayikira lenzi yawo, ena amati dzanja linagwedera. Lenzi ilibe mlandu, ngakhale yodula chotani ingachite chimodzimodzi.

Lenzi iliyonse imaona bwinobwino pa mtunda umodzi wokha pa nthawi imodzi. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa mtunda umenewo kuli kachigawo komwe chimbuuzi chimakhala chochepa moti diso silichizindikira, ndipo kachigawoka ndi kamene ojambula amakatcha depth of field. Mukamajambula munthu amene waima mamita 5 kuchokera pomwe muli, ndi lenzi ya 50mm pa f/8 (nambala ya f imasonyeza kukula kwa chibowo cholowera kuwala, ikamakula chibowo chimachepa), kachigawoka kamapitirira mamita 6. N'chifukwa chake wojambula paukwati sada nako nkhawa kwenikweni. Koma mukamayandikira, kamafota mofulumira modabwitsa. Pamene chinthu chikugwera pa sensa ya kamera, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwake, pa kukula kwake kwenikweni, komwe timati 1:1, f/8 yomweyo imakupatsani pafupifupi milimita imodzi. Mukachikulitsa kawiri mumatsala ndi mamilimita 0.36. Mukachikulitsa kasanu mumatsala ndi pafupifupi 0.1. Amene amamangirira lenzi ya maikulosikopu yokulitsa ka 10 kutsogolo kwa kamera amagwira ntchito ndi ma micron osafika 10 (milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000), pomwe tsitsi la munthu limodzi nthawi zambiri limanenepa pakati pa ma micron 50 ndi 100.

Nzeru yoyamba imene imabwera ndi yochepetsa chibowo cha lenzi, kuchoka pa f/8 kupita pa f/16 kapena f/22. Zimathandizadi, chifukwa pa 1:1 f/16 imakupatsani pafupifupi mamilimita 2. Koma pali malire omwe simungawadumphe. Kuwala kukamadutsa pa kabowo kakang'ono kumamwazika, ndipo kadontho kalikonse ka chinthu chomwe mukujambula kamafika pa sensa ngati kabwalo kotambasuka. Katswiri wa zakuthambo wa ku England, George Airy, anafotokoza masamu a kabwalo kameneka m'chaka cha 1835, ndipo mpaka lero kamatchedwa ndi dzina lake. Pa kuwala kobiriwira, m'mimba mwake mumakhala pafupifupi ma micron 1.3 kuchulukitsa ndi nambala ya f.

Chomwe chimapweteka pa macro n'chakuti nambala yolembedwa pa lenzi si imene ikugwira ntchito. Mukamakulitsa chinthu, nambala yeniyeni imapezeka pochulukitsa yolembedwayo ndi mlingo wa kukulitsako mutawonjezerapo 1. Pa 1:1, f/16 imasanduka f/32. Kabwalo ka Airy pamenepo kamafika ma micron oposa 40, pomwe pixel imodzi, kadontho kamodzi ka pa sensa, pa kamera ya sensa yaikulu ya full frame ya ma megapixel 24 ndi ma micron 6 okha. Ndiye kuti kadontho kamodzi kakupakazika pa ma pixel pafupifupi 7. Nankafumbwe uja adzaoneka mofanana kuchokera kumlomo mpaka kumbuyo, koma mofanana mwa chimbuuzi, timaenje ta pamsana pake titafufutika. Makamera a Nikon amaonetsa nambala yeniyeniyi akakhala ndi lenzi ya macro, pomwe a Canon amaonetsa yolembedwa, choncho anthu awiri akhoza kunena f/11 koma akutanthauza zinthu zosiyana.

Apa ndi pamene focus stacking imabwera. M'malo mokakamiza chithunzi chimodzi kuti chinyamule zonse, mumasiya chibowo pomwe lenzi imajambula bwino kwambiri, kawirikawiri f/5.6 kapena f/8, n'kujambula zithunzi zambiri za chinthu chomwecho, chilichonse fokasi itasunthidwa pang'ono. Choyamba chimagwira nsonga ya mlomo, chachiwiri pakati pa mlomo, kenako diso, khosi, msana, mpaka kumapeto. Pulogalamu ya pakompyuta imatenga pomwe patuluka bwino m'chithunzi chilichonse n'kulumikiza kukhala chimodzi.

Kunena n'kosavuta choncho, ndipo anthu ambiri akayamba kuphunzira amathamangira kufunsa kuti pulogalamu yabwino ndi iti. Ine ndimaona kuti funsoli limabwera msanga. Zithunzi zambiri zolephera zimakhala zitalephera kale kompyuta isanayatsidwe, ndipo chimene chimazipha ndi kukula kwa sitepe pakati pa chithunzi ndi chinzake.

Amene anafolerapo nyumba amadziwa kuti lata lililonse limagona pang'ono pa linzake. Mukangowagundanitsa m'mbali, denga lidontha. Zithunzi izi nazonso ziyenera kugonerana. Ngati chithunzi chimodzi chikugwira mamilimita 0.25, sitepe yanu isakhale 0.25, ikhale pafupifupi 0.15. Mukalumpha kwambiri, chithunzi chomaliza chimatuluka ndi mizere: pena poonekera bwino, pena mbuu, pena poonekera bwino, ngati nsalu yamizeremizere. Mizere imeneyi palibe pulogalamu yomwe ingaichotse, popeza palibe chithunzi ngakhale chimodzi chimene chinagwira malo amenewo. Mankhwala ake ndi kubwerera kukajambulanso.

Tiyeni tiwerengere nankafumbwe wathu. Tinene kuti mwamukulitsa kawiri, pa f/5.6. Chithunzi chimodzi chikugwira pafupifupi mamilimita 0.25. Mwamuika mopendekeka kuti mlomo uloze ku kamera, ndipo kuchokera kumlomo kufika kumbuyo pali mamilimita 3. Ndi sitepe ya 0.15 mukufunika zithunzi 20. Muwonjezerepo ziwiri kapena zitatu mlomo usanayambe kuoneka bwino, ndi zina ziwiri kapena zitatu mutadutsa kumbuyo. Zowonjezerazi musaziderere. N'zowawa kulumikiza zithunzi 20 n'kupeza kuti kansonga ka nyanga, kamene kanali pafupi ndi lenzi kuposa mlomo, sikanagwidwe. Masamu amenewa atengera muyeso wa chithunzi chosindikizidwa papepala. Ngati mumakonda kukulitsa chithunzi pakompyuta mpaka 100%, chepetsaninso sitepe.

Chachiwiri ndi bata. Nankafumbwe wamoyo amakonda kunamizira kufa, miyendo atapinda, koma simungamudalire kuti akhala choncho mpaka zithunzi 25 zithe. Njira imene ambiri amatsata ndi kumuika m'kabotolo n'kumusiya usiku umodzi m'chigawo cha firiji chomwe chimaumitsa madzi. Mukamutulutsa mumupatse nthawi kuti chinyontho chichoke, kenako mumupukute ndi kaburashi kofewa kopentera. Ufa wa chimanga umene diso silikuona umasanduka miyala pa chithunzi, ndipo mphindi zisanu zopukuta zimapulumutsa ola lathunthu lofufuta pakompyuta. Mumuike pa njere yomwe anaboola ija, njereyo muimatire pa kakhadi kuti isagubuduke.

Kamera ikhale pa tripod yolimba, kapena imangiridwe pa thabwa limodzi ndi chinthu chomwe mukujambulacho, kuti zikagwedezeka zigwedezekere pamodzi. Pansi pa simenti ndi pabwino kuposa pa matabwa. Mukakulitsa chithunzi pa sikirini ya kamera, mudzaona nokha kuti munthu akangodutsa m'chipindamo, kapena lole ikadutsa pamsewu, nankafumbwe amanjenjemera. Batani lojambulira musalikhudze ndi chala. Gwiritsani ntchito rimoti, foni, kapena timer ya masekondi 2. Ngati kamera yanu ndi ya DSLR, kwezani galasi lam'kati musanajambule kapena jambulani pa live view, mukuonera pa sikirini.

Zonse zikhale pa manual: ISO, shutter, chibowo ndi white balance. Mukasiya china pa auto, kamera idzasintha maganizo pakati pa ntchito, chithunzi china chowala, china chakuda pang'ono, china chofiirira, ndipo polumikiza mudzatuluka zigamba. Kuwala kwa pawindo n'kokoma koma mtambo ukadutsa chithunzi cha 12 sichifanananso ndi cha 11. Flash imathandiza pawiri, chifukwa kuwala kwake sikusinthasintha ndipo kung'anima kwake n'kwakufupi kwambiri moti kumaimitsa kunjenjemera. Mungoipatsa mpata wodzaza mphamvu pakati pa zithunzi. Khungu la nankafumbwe limanyezimira, choncho kuwala kolunjika kumasiya madontho oyera opanda kanthu. Tengani kapu yoyera ya pepala, muidule kunsi, muivundikire pa kachiromboko ngati kamsasa, kuwala kuzidutsa m'kapumo. Mukatero timaenje tozungulira ta pakhosi pake timayamba kuoneka kamodzikamodzi, pamodzi ndi madontho anayi ofiirira a pamapiko ake.

Kusuntha fokasi kuli pawiri. Mukhoza kupotoza mphete ya fokasi pa lenzi kamera ili chiimire, kapena kusiya mphete n'kumasuntha kamera yonse pa kanjanji kamene kamayenda mukapotoza kachitsulo kake. Pa zinthu zokulirapo monga duwa, wotchi, ndolo kapena mkanda, mphete imachita bwino, chifukwa malo amene lenzi ikuonera sasuntha kwambiri ndipo zam'mbuyo sizisintha malo. Mukapitirira 1:1 mphete imakhala yosakwanira, sitepe zake n'zazikulu kuposa zimene zala zingakwanitse, ndiye kanjanji kamatenga malo. Lenzi ya Canon MP-E 65mm, yomwe inatuluka mu 1999 ndipo imakulitsa kuyambira ka 1 mpaka ka 5, ilibe n'komwe mphete ya fokasi yapayokha, munthu amafokasa posuntha kamera. Pali tinjanji toyenda ndi mota, monga StackShot ya kampani ya Cognisys ndi WeMacro, tomwe mumangotiuza poyambira, pothera ndi kukula kwa sitepe, n'kumajambula tokha. Koma wongoyamba kumene asadikire kugula zimenezi. Lenzi wamba ya 50mm yokhala ndi ma extension tube (timachubu toikidwa pakati pa lenzi ndi kamera), kapena yotembenuzidwa ndi reverse ring (mphete yomangira lenzi chagada), kapena yomatidwa kagalasi ka Raynox DCR-250 kutsogolo, ndi yokwanira kuphunzirira.

Makamera ambiri a masiku ano amasuntha fokasi okha. Olympus inaika zimenezi mu OM-D E-M1 m'chaka cha 2015, Nikon D850 ya 2017 inabwera ndi focus shift, ndipo Canon EOS RP ya 2019 ili ndi focus bracketing. Mumafokasa pa malo oyandikira kwambiri, n'kusankha chiwerengero cha zithunzi ndi nambala ya sitepe, kawirikawiri kuyambira 1 mpaka 10. Nambala imeneyi si mamilimita, ndipo tanthauzo lake limasintha malinga ndi lenzi ndi chibowo, choncho muyenera kuiyesa. Njira yosavuta ndi kugoneka rula mopendekeka, kujambula ndi sitepe 2, kenako 4, kenako 6, n'kuona pomwe mizere ya chimbuuzi yayamba kuoneka pakati pa timizere ta rulayo. Mukapeza nambala yoyenera lenzi yanu, muilembe. Pa foni za Android, pulogalamu yaulere ya Open Camera ili ndi focus bracketing pa mafoni amene amalola.

Tsopano kompyuta. Pulogalamu imayamba ndi kufananitsa zithunzi, chifukwa fokasi ikamasuntha chinthu chimakula kapena kuchepa pang'ono m'chithunzi. N'chifukwa chake m'mbali mumadulidwa, ndipo pojambula muyenera kusiya mpata mozungulira. Ikatero imayang'ana malo alionse n'kufunsa kuti ndi chithunzi chiti chimene pamalopo kuwala ndi mdima zikusiyana mwadzidzidzi pakati pa ma pixel oyandikana. Pomwe patuluka bwino kusiyanaku kumakhala kwakukulu, pomwe pali mbuu kumakhala kosalala.

Polumikiza pali njira ziwiri zikuluzikulu, ndipo kuzimvetsa kumachepetsa kukhumudwa. Yoyamba imapanga mapu osonyeza kuti pamalo apa titenge chithunzi cha 4, apo cha 9, apo cha 17. Imasunga mitundu mwachilengedwe ndipo posalala pamakhalabe posalala, koma imasokonezeka pomwe tsitsi kapena miyendo zapingasana, popeza pamalo amodzi pali zinthu ziwiri zotalikirana. Yachiwiri imaphwanya chithunzi chilichonse m'magawo, kuyambira tinthu tating'onoting'ono mpaka zikuluzikulu, n'kusankha zabwino pa gawo lililonse. Maziko ake ndi masamu a piramidi amene Peter Burt ndi Edward Adelson anafalitsa mu 1983. Iyi imagwira tsitsi lopingasana bwino, koma imawonjezera timadontho tonga mchenga tochokera ku sensa ndipo imaumitsa kuwala. Mu pulogalamu ya Zerene Stacker, yolembedwa ndi Rik Littlefield wa ku America, njirazi zimatchedwa DMap ndi PMax. Mu Helicon Focus, yochokera ku Kharkiv m'dziko la Ukraine, ndi njira B ndi C, ndipo palinso A yosakaniza. Mapulogalamu onse awiriwa amakulolani kuyesa kwa masiku 30. Ozolowera amalumikiza kawiri, n'kutenga thupi kuchokera ku njira ya mapu, miyendo ndi nyanga kuchokera ku ya piramidi.

Photoshop imachitanso ntchitoyi ndi Auto-Align Layers kenako Auto-Blend Layers. Pa zithunzi zochepa imakwanira, koma zikachuluka imachedwa ndipo imasiya zigamba. Affinity nayo ili ndi Focus Merge. Zaulere zilipo, monga CombineZP ya Alan Hadley ndi Picolay. Samalani ndi malo pakompyuta: chithunzi chosungidwa ngati fayilo ya TIFF ya 16-bit kuchokera ku ma megapixel 24 ndi pafupifupi 140MB, choncho zithunzi 25 zikudya 3.5GB. Pophunzira, JPEG yapamwamba ndi yokwanira.

Pali chilema china chimene ngakhale mutachita zonse molondola chimabwerabe, ndipo ndi bwino kudziwa gwero lake kuti musadzizunze. Yang'anani m'mphepete mwa mlomo wa nankafumbwe, pomwe ukuphimba mwendo umene uli kumbuyo. Mudzaona kamkombero ka chimbuuzi kozungulira mlomowo. Pamene fokasi inali pa mwendo, mlomo unali wofufuma ndi chimbuuzi ndipo unaphimba kachigawo ka mwendowo. Pamene fokasi inali pa mlomo, mwendo unali mbuu. Ndiye palibe chithunzi chimene chili ndi kachigawo kameneko koonekera bwino. Mukhoza kukachepetsa pochepetsako chibowo pang'ono, kapena kumutembenuza kuti ziwalo zisaphimbane kwambiri, kapena kukakonza pamanja. Chilema china n'chosavuta: kafumbi kamodzi pa sensa kamasanduka kamzere kokhotakhota ngati kanyongolotsi, chifukwa pulogalamu ikamasuntha zithunzi kuti zifanane, fumbilo limagwera malo atsopano pa chithunzi chilichonse. Pukutani sensa musanayambe.

Kukonza pamanja kumene ndikunenaku si kujambula zinthu zomwe kulibe. Mapulogalamu awa amakulolani kuika chithunzi cholumikizidwa mbali imodzi, chimodzi mwa zoyambirira mbali ina, n'kumakopera ndi burashi pomwe makina anasankha molakwika. Ndi ntchito yofuna kudekha, koma ndi pamene chithunzi chimakhala chanu.

Kuti muone kumene luso limeneli limafika, yang'anani ntchito ya Levon Biss wa ku Britain, amene anajambula tizilombo tosungidwa ku Oxford University Museum of Natural History, zithunzi zake n'kuonetsedwa komweko mu 2016. Ankagawa kachirombo kamodzi m'zigawo pafupifupi 30, chigawo chilichonse n'kuchiunikira pachokha, kamera ikusuntha ma micron 10 pa chithunzi chilichonse. Chithunzi chimodzi chomaliza chinkachokera ku zithunzi pafupifupi 8,000 kapena kuposa. Ku America, Sam Droege ndi anzake a USGS, bungwe la boma lochita kafukufuku wa sayansi, akhala akujambula njuchi mwa njira yomweyi kuti anthu azitha kusiyanitsa mitundu yake popanda kugwira njuchi yeniyeniyo. Izi zimandikhudza kwambiri, chifukwa chithunzi chotere chikhoza kuthandiza mlangizi wa zaulimi kapena mwana wasukulu kuona chimene chikudya chimanga m'nkhokwe monga sanachionerepo.

Ojambula malo nawo amagwiritsa ntchito njirayi, koma mwachidule. Tinene kuti mwagwada m'munda wa tiyi ku Mulanje ndi lenzi ya 20mm, masamba ali theka la mita kuchokera pa kamera, phiri lili kutali. Zithunzi zitatu kapena zinayi pa f/8 zimakwana: masamba apafupi, mizere ya tiyi yapakati, kenako phiri. Mdani wanu pano ndi mphepo. Tsamba likasuntha pakati pa chithunzi choyamba ndi chachiwiri, pulogalamu imatulutsa masamba awiri ogundana. Jambulani m'mamawa mphepo isanadzuke, kwezani ISO pang'ono pa chithunzi cha masamba kuti shutter ifulumire, ndipo kawirikawiri kulumikiza pamanja ndi ma mask (kubisa mbali ina ya chithunzi kuti chinzake chionekere) kumaposa kusiyira makina. Ndi bwinonso kujambula dzanja lanu musanayambe ndi pomwe mwamaliza, kuti madzulo mudziwe pamene gulu lililonse la zithunzi layambira ndi pomwe lathera.

Chimene ambiri amachedwa kuzindikira n'chakuti si chilichonse chiyenera kutuluka bwino. Munthu akangophunzira njirayi amafuna kugwira zonse, kuyambira mlomo wa nankafumbwe mpaka khoma la kuseri, ndipo chithunzi chimatuluka chophwatalala, diso osadziwa poima. Kuipa kwina n'kwakuti mukadula mwadzidzidzi, pamakhala mzere woonekera pomwe kuoneka bwino kwathera ndi pomwe chimbuuzi chayambira, zomwe lenzi yeniyeni sichita. Pa nankafumbwe uja, ine ndimayambira patsogolo pa mlomo n'kuthera pakamwa pa bowo limene anaboola m'njere. Ndikafika pamenepo ndimajambula chithunzi chimodzi chomaliza fokasi ili pomwepo koma chibowo nditachepetsa kufika pa f/11 kapena f/16, kuwala nditawonjezera kuti kufanane ndi zinzake. Chithunzi chimenecho chimafewetsa malire aja, ndipo mbali yotsala ya njereyo imazimirira pang'onopang'ono kumbuyo kwake.